Tinyongolotsi Khumi ta Mwana Wanga

Patatha miyezi inayi chimwalirireni amuna anga, mwana wanga wamkazi amene amaphunzira sayansi ku koleji anabwera kuno ku Chinsapo ndi botolo la madzi. Munali tinyongolotsi khumi taphanthiphanthi, tosaposa njere ya mpunga, totola pansi pa miyala kumtsinje. Kalikonse kanali ndi timaso tiwiri toyang'anizana ngati kaledzera.

"Amayi, ndichokapo masabata awiri. Aphunzitsi akufuna khumi, ndidzapeze khumi. Muzisintha madzi, koma a pampopi ayi, ali ndi mankhwala, muzitunga pachitsime. Chakudya ndi kachiwindi."

Ine, mayi wa ana anayi, kulera nyongolotsi!

Tsiku lachitatu, pochotsa chiwindi chotsala, ndinakanikiza kamodzi ndi supuni. Kanaduka pakati. Ndinakhala pansi. Ndinali nditatopa ndi zinthu zondifera m'manja.

Ndinaitana mnzanga woyandikana naye, mayi wa ku Rumphi. Anavala magalasi, n'kusuzumira.

"Asisi, malirowa tikhuza mbali iti, kumutu kapena kumchira?"

"Musaseke, mwana andidya wamoyo."

"Nanga womwalirayo akuyenda bwanji?"

Zoonadi, zidutswa zonse ziwiri zinkakwawa. Kamchirako tinakaika pakokha m'kapu ya malemu, imene panalibe amene ankaigwira. M'mawa uliwonse mnzangayo ankabwera asanasese n'komwe, kudzazonda wodwala. Pabala panayera. Itatha sabata, tinaona timadontho tiwiri takuda. Maso! Mchira wamera mutu!

Mnzanga analiza nthungululu mpaka anthu anathamangira kuno, kuyesa kwabadwa mwana. Ine ndinaseka mpaka chitenje chinamasuka. Chichitikireni maliro ndinali ndisanasekepo.

Mwana atabwera anawerenga kawiri.

"Khumi ndi kamodzi? Amayi, mwatani?"

Ndinaulula. Anaseka, n'kundiuza kuti m'thupi mwa kanyongolotsi muli tizidutswa tamoyo, maselo, amene sanapatsidwe ntchito. Pakaduka, amathamangira pabalapo, ena n'kusanduka khungu, ena maso.

"Ngati aganyu a ku Mtandire," anatero mnzanga. "Ntchito iliyonse, bwana, tigwira!"

"Nanga anthufe?" ndinafunsa.

"Tili nawo, Amayi. Amakonza khungu ndi magazi. Koma mutu ayi."



Tinyongolotsi khumi tija anapita nato ku koleji. Kotsalako ndinakana nako. Kali m'kapu muja, ndipo Loweruka lililonse wogulitsa nyama amadabwa nane ndikamapempha chiwindi chonga chikhadabo.