Uipatse Mpata Ipume

Kha-kha-kha-kha. Umu ndi mmene injini ya boti la mwamuna wake inayambira kulira, ndipo woyamba kumva anali iye. Zenera la kuchipinda kwawo limayang'ana kudoko, ndiye boti likamachokera kutsidya ankalizindikira lisanaoneke n'komwe. Chibadwire khanda lake, makutu ake anasanduka ena. Mwana akatsokomola, wadzuka kale. Akagona nthawi yaitali, ankamuika chala pamphuno. Mwamuna wake anamupatsa dzina loti Alonda, ndipo anthu a pamzere wawo analitola tsiku lomwelo.

"Bambo a mwana, injini ija ikugogoda."

"Alonda ayambapo! Injini imalira, mayi. Ukufuna iziimba nyimbo za kwaya?"

"Si kulira kwake kwa masiku onse. Ikakuzimirani pakati pa madzi ndi anthu onse aja, ine nditani ndi mwanayu?"

Mwamunayo anaseka, koma atatopa ndi kulondalonda kuja anati aimbira bambo ake.

Bambo akewo, apongozi a Alonda, ndi amene anthu a padoko amawatchula kuti a Sipanala. Anayamba ali mnyamata, kukonza mapampu a madzi ndi majenereta, kenako mwini boti wina anawakokera kudoko ndipo sanachokenso. Chala chawo chapakati n'chopindika, chinapanidwa ndi gudumu la injini kalekale, ndipo amati ndi chimene chimalowa bwino m'makona. Injini amaikamba ngati munthu. Ina amati ndi yaulesi, ina yamwano, ina yangokalamba basi. Maondo atayamba kuvuta anapuma pantchito, n'kumakhala kumtunda kwa tauni. Kumeneko amamasula wailesi yabwinobwino pofuna kuona chimene chikuiyankhulitsa, moti akazi awo anachita kubisa makina osokera. Mawu awo ndi ochepa. Pafoni ndiye amachepa kwambiri, chifukwa amayankha mokuwa n'kudula munthu asanamalize.

Mwana wawo atawaimbira n'kuwamvetsa kugogoda kuja, a Sipanala anangoti, "Mavalavu amenewo. Atakasuka. Uwabweze, koma uipatse mpata ipume." Foni thi.

Lamlungu mwamunayo anatsegula chivindikiro cha pamwamba pa injini, n'kumanga tizitsulo tonse mpaka kugogoda kuja kutheratu. Atatero anaiphimba injiniyo ndi lona, n'kubwera kudzagona chagada pamkeka.

"Lero boti siliyenda. Madala akuti ipume. Nanenso ndipumeko."

Lolemba boti linanyamuka mwakachetechete, mwamunayo akukweza dzanja kuloza kuzenera monyada. Alonda sanakweze lake. Anaona kuti injini inavuta kuyaka, mpaka anthu okwera kuyamba kuyang'anana. Pobwerera botilo linkachita kukwawa, ndipo mawu ake anali ngati a munthu wotsekeka pachifuwa. Iye amadziwa kuti mwana akamalira ndiye kuti mphamvu zilipo. Woopsa ndi wongoti zii.

Sananene kanthu kwa mwamuna wake, poopa kusekedwanso. Anabereka mwana n'kukwera chitunda chonse chija mpaka kwa apongozi ake. Anawapeza pakhonde atayala matumbo a wotchi yapakhoma pathaulo.

"Takulandirani, mayi. Mdzukulu wangayo wadwala?"

"Ayi bambo, ali bwino. Yadwala ndi injini."

"Ikugogodabe?"

"Yasiya. Yangoti phee. Koma ikuvuta kuyaka, ndipo ikatentha mphamvu zikutha."

A Sipanala anaika pansi kasipuling'i kamene anagwira. "Yangoti phee," anabwereza. "Mawa asailize. Ngakhale kuikhudza. Ndiipeze yozizira ngati mwala."

Apongozi aakazi anatulukira pakhomo akupukuta manja. "Atengeni mwanawe, chonde. Mukawasunge konko sabata yonse. Wotchi yokhayi ndi imene inatsala yamoyo m'nyumba muno."

M'mawa mwake Alonda anakakhala pamphepete pa boti, mwana ali kumsana, kuti mwamuna wake asayerekeze kuiliza. Anthu okwera anali atayamba kusonkhana ndi akatundu awo pamene a Sipanala anatsetsereka pang'onopang'ono ndi kabokosi kawo kachitsulo. Boti linali lomangidwa padoko. Mkuluyo anakwera mogwirira, n'kuika chikhatho pa injini.

"Yazizira. Tsegula."

Mwana wawo anamasula mabawuti a chivindikiro. Mkatimo munali timikono tiwiri tachitsulo tonyezimira ndi oyilo, kalikonse katatsamira pamutu pa valavu yake. A Sipanala anazunguza gudumu ndi dzanja mpaka pamene mavalavu onse awiri amayenera kukhala otseka. Kenako anatulutsa m'thumba timipeni tawo toyezera, tazitsulo topyapyala ngati masamba, n'kusankhapo kamodzi. Anayesa kukalowetsa pakati pa kamkono ndi valavu. Kanakana. Anasankha kopyapyala kuposa apo. Kanakananso.

"Iwe, mpata uja uli kuti?"

"Ndinaipatsa, bambo. Lamlungu lonse."

"Lamlungu?"

"Tsiku lonse lathunthu sindinailize. Ndinaifunditsa ndi lona. Afunseni Alondawa."

A Sipanala anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anakhala pansi pa thabwa, chipewa chili pamaso, akuseka mopanda mawu mpaka misozi. Mayi wina wogulitsa masamba, yemwe anali atakhala kale m'botimo ndi dengu lake, anafunsa chimene chachitika, ndipo atamva anaombetsa manja.

"Ndiye munaigoneka, akaputeni? Pilo munaipatsa?"

"Akanaiphikiranso tiyi!" anatero bambo wina kumbuyo.

"Mawu ake ndi omwewo!" mwamunayo anadziteteza, makutu atatentha. "Munati mpata, munati ipume. Munthu akapuma amatani? Inuyo simunapume pantchito?"

"Kupuma kwa mphuno, mwana iwe, osati kwa pamkeka." A Sipanala anapukuta maso n'kukodola mpongozi wawo. "Senderani kuno mayi, inu ndi amene muli ndi makutu pabanja pano. Valavu iyi imalowetsa mpweya. Iyi imatulutsa utsi. Chitsulo chikatentha chimatalika. Ukapanda kusiya kampata apa, valavu siitsekanso bwinobwino, moto umadutsa m'mbali n'kuiwotcha. Yogogoda ija imangosokosa. Yachete ndi imene imakusiya pamadzi."

Alonda anayang'ana kumadzi. Dzulo lomweli botili linali kutsidya, litadzaza.

A Sipanala anamasula nati ndi sipanala, n'kubweza kasikuluwu pang'ono ndi sikuludiraiva. Kampeni kaja kanalowa. Anakakoka, kubwezanso, kukokanso.

"Gwirani muone."

Alonda anagwira. Kachitsuloko kankatuluka mokakamira pang'ono, ngati pamene ukusolola chala m'dzanja la khanda logona.

"Pamenepo. Kakamadutsa mopepuka, yatakasuka. Kakamakana, waipha." Anagwira kasikuluwuko kuti kasasunthe, n'kumanga nati, n'kuyezanso, chifukwa akuti nati ndi wakuba, amasuntha zinthu ukamamanga. Valavu yachiwiri anamupatsa mwana wawo kuti achite yekha. Anabwereza mpaka thukuta, bambo ake akungoti "ayi" osawonjezera kanthu, mpaka pomaliza anati "eya".

Injini inayaka ulendo woyamba. Inkalira mokhuta, ndipo pansi pa kulirako pamamveka kaphokoso kakang'ono kosalala, che-che-che. Anthu anakuwa. Mwana kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira nayenso, ndipo mayi wa masamba uja anati onse awiri apatsidwa mpata.

Koma a Sipanala sanali kuseka. Anatsamiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro chake pakhutu, maso ali otseka.

"Bambo, yachira?" anafunsa Alonda chapansipansi.

"Mpata wabwerera. Koma dzulo inayenda yotsamwa. Ngati valavu ya utsi inapsa m'mphepete, pano siinganene. Ikanena ikatentha, ili ndi katundu, pakati pamadzi. Pamenepo pamafunika munthu womva, woti ikangosintha mawu abweze boti msanga."

Onse awiri anayang'ana mwamuna uja. Iye anali atayamba kale kuvina pang'ono kwinaku akukweza madengu.

"Ndipita ndine," anatero Alonda. "Mwanayu ndimusiya kwa anzanga."

"Woyamwa sasiyidwa." A Sipanala anatseka kabokosi kawo, n'kukakankhira pansi pa thabwa loyandikana ndi injini. "Iwe, uli ndi jekete lija loyandamitsa munthu? Lalikulu."

Mwana wawo anaima dengu lili m'manja. "La ndani? Bambo, inu? Inu simunakwerepo boti loyenda chibadwire!"

Alonda anadabwa. Mayi wa masamba ndi amene anamunong'oneza kuti padoko ponse amadziwa: zaka zonsezi a Sipanala ankakonza boti lili pachingwe, likamati linyamuke iwo atsika kale. Kusambira sadziwa, ndipo madzi akuya sawayang'ana kawiri.

Mkuluyo anavala jekete lija, n'kumanga zingwe zake zonse mpaka kukhosi, moti ankaoneka ngati katundu wotumizidwa kutali. Anayang'ana mpongozi wawo, ndipo Alonda anaona m'maso mwawo chinthu chimene ankachidziwa bwino: nkhawa ya kholo lolondera mwana wake.

"Inu mayi tsikani, mukamwetse mwana. Mukatumize mawu kwa apongozi anu kuti masiku ano ndizigona kuno. Ndiziyenda nalo botili mpaka nditakhutira nayo valavuyo, ndipo ikangotsokomola ndiimasula mutu wonse." Anakhala moyang'ana injini, msana ataulozetsa kumadzi, n'kugwira thabwa ndi manja awiri. "Masula chingwecho iwe, ndisanasinthe maganizo."