Tambala wa apongozi wasanduka mbalame

Mwaswera bwanji nonse. Mboni zanga ni Ba Esnart, mlongo wathu mphunzitsi wa sayansi, na mzere wonse wa pa kiyosiki ya madzi muno mu komboni ya George. Ngati ndikunama, afunseni.

Mawa kubwera apongozi. Tambala amene ndawasungira miyezi yonseyi, iye akudya gaga ife tikudya soya, lero wandiona ndikunola mpeni. Wathamanga kukwera mulu wa mabuloko akukupiza mapiko, kenaka phururu! Ndikulumbira, wapatsana moni na ndege asanatere pa malata a Ba Mulenga, neba wathu.

Ine ndikusaka makwerero, Ba Esnart atsegula kalasi pamsewu. "Onani! Makolo ake anayamba chonchi. Anali vinyama vakalekale, madayinoso a nthenga, a mano, vikhadabo kumapiko. Kuthamanga, kudumpha, mpaka kuuluka. Nkhuku ni mbalame yeniyeni!"

Ba Mulenga amvetsera kuposa ana a sukulu. "Ba Ticha, mwati ni mbalame?"

"Ee."

"Basi. Mbalame ilibe mwini. Yatera pa nyumba yanga."

Pano ndikulemba, fungo la anyezi likuchokera kwawo. Ba Esnart anapitako, ine nkumati akukalanditsa ndiwo. Abwera na mapazi awiri a tambala, akumwetulira, ati akaonetse ana a sukulu vala va dayinoso.

Abale, ndithandizeni nzeru. Apongozi ndiwaphikire soya, kapena ndiwakhazike na Ba Esnart awaphunzitse mpaka akhute?