Galasi la Pawindo Linatsala Pang'ono Kundiphera Mwana

Ndinapanga thanki ya nsomba ndi galasi la pawindo, ndipo inatsala pang'ono kundiphera mwana. Inu owerenga, ndikulemba izi kuti wina asadzaone zomwe ndinaona ine.

Kwathu ndi ku Dedza, komwe nsomba timakumana nayo itauma kale pamsika. Boma litanditumiza kudzagwira ntchito ku Rumphi, tsiku lina ndinapita kunyanja ku Mlowe ndi anzanga. Msodzi wina ananditenga pabwato mpaka pamiyala, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pansi. Tinsomba ta mbuna, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere, tinkalowa ndi kutuluka m'miyala mosatekeseka. Sindinkadziwa kuti Mulungu anabisa zokongola chonchi pansi pa madzi. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima kuti nsomba zimenezi ndizikhala nazo pabalaza.

Nyumba yathu ndi yaing'ono, malo analipo ndi pakati pa sofa ndi kabati basi. Ndiye ndinaganiza zopanga thanki yopapatiza koma yaitali, yondifika m'chiuno. Wodula magalasi anandifunsa kuti, "La pawindo kapena lochindikala, adada?" Ndinati la pawindo, lija la mamilimita anayi, poti kwa ine galasi linali galasi. Nkhawa yanga yonse inali pa kudontha, moti m'makona ndinamata silikoni mosaumira. Mkazi wanga, poona zidebe zomwe zinkathera mmenemo, anaseka n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, madzi onsewa muwaimitsa ndi kagalasi kameneka?" Ndinangomuuza kuti aziona.

Thankiyo sinadonthe ngakhale pang'ono. Ndinaikamo miyala ndi nsomba, ndipo pabalaza pathu panasanduka pokopa alendo. Anansi ankaima pakhomo akupukusa mitu, amvekere m'chiyankhulo chawo, "Zakutowa chomene!" kutanthauza kuti n'zokongola kwambiri. Inenso ndinkaiwala kudya. Panali nsomba ina yomwe inkasunga ana ake m'kamwa. Inkawalavula kuti asambire, ikaona chithunzithunzi cha munthu n'kuwabwezeranso mkamwamo onse. Tadala, mwana wathu yemwe anali atangoyamba kukwawa, sankalira akakhala pamenepo. Choncho masana tinkamuyalira mphasa patsinde pa thankiyo, n'kugona akuyang'ana nsomba.

Patapita masabata angapo ndinaona kuti galasi lakutsogolo latupa pang'ono ngati mimba ya munthu wokhuta. M'malo mochita mantha ndinakondwera, chifukwa nsomba zinkaoneka zazikulu kuposa kale. Ndinkachita kuwalozera alendo.

Lamlungu lina titabwerako kutchalitchi, ndili pakhonde, ndinamva kaphokoso ngati wina wathyola kamtengo kouma. Ndisanadzuke n'komwe, chiphokoso chinamveka, madzi n'kutulukira pakhomo kudzandinyowetsa mapazi. Nditalowa ndinapeza sofa yasuntha, miyala ili mbwee, nsomba zikuphiriphitha pasimenti. Pomwe panagona mwana panali chibenthu chachikulu cha galasi, koma mphasa panalibe. Madzi anali ataikokolola pamodzi ndi Tadala mpaka kunsi kwa tebulo. Mkazi wanga ndiye anamusolola, ali chinyowere, magazi akuchucha pantchafu. Mwanayo atalira, ndinakhala pansi m'madzi momwemo.

Kuchipatala anamusoka n'kutiuza kuti bala silinafike pamtsempha waukulu. Mpaka lero ndimazizwa ndikaganiza kuti madzi omwe anaswa galasi ndi omwenso anamuchotsa mwana pomwe galasilo linagwera. Madzi ofatsa aja, omwe ndinkathira ndi chidebe, anali ndi mphamvu yosuntha mpando wa anthu atatu.

Inu owerenga, zomwe ndinazidziwa mochedwa ndi izi. Madzi amakankha galasi molingana ndi kuya kwake, osati kuchuluka kokha, ndiye thanki ikamatalika galasi liyenera kuchindikala kwambiri. La pawindo lisiyeni pawindo. Funsani odziwa musanadulitse, mangani m'mwamba ndi kachidutswa kopingasa, ndipo muyambe mwayesera panja kwa masiku angapo. Mukaona galasi likutupa, chotsani madzi nthawi yomweyo, ndipo mwana asagone pafupi.

Tadala anachira, pano akuthamanga, ndipo za tsikulo sakumbukira chilichonse. Koma chipsera chija chikukula naye limodzi. Amayi ake akamamusambitsa, ine ndimatuluka panja.