Zala za Mayi Wachikasu

Anthu ankawatchula kuti a Penti chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ankalemba zikwangwani za magolosale ndi malo ometera, moti zikhadabo zawo sizinkayera. Makina osindikiza atafika, makasitomala anayamba kuwalonjera ali patali. Ndiye mutu utayamba kale imvi, anaphunzira kupanga makatuni oyenda pakompyuta, akutaipa ndi chala chimodzi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

Anawakankhira ku zimenezi ndi mwana wawo wamkazi, yemwe anabadwa wosamva ndipo ankaphunzitsa pasukulu ya ana osamva. Iye ankadandaula kuti makolo ambiri satha kulankhula ndi ana awo. Akabwera kudzawatenga amangowakoka dzanja. A Penti nkhani imeneyi inkawakhudza, pakuti iwonso chinenero chamanja anachiphunzira mochedwa, ndipo ankachichita chibwibwi. Choncho mwana atawapempha katuni yophunzitsa mawu makumi anayi a chinenerocho, yoti ikaonetsedwe pa tsiku la makolo ndi kutumizidwa m'mafoni mwawo, sanafunse kawiri.

Anapanga mayi wa diresi lachikasu. Kwa miyezi isanu ndi iwiri, Loweruka lililonse mwana ankakhala pampando n'kumapanga chizindikiro chimodzichimodzi, bambo ake n'kumapinda zala za katuniyo mpaka zifanane. Akalakwitsa ankawamenya kambama pamkono.

Kutatsala masabata awiri kuti tsiku la makolo lifike, sikirini inayamba kuphethira. Kenako chala chamkombaphala cha mayi wachikasu chinasowa, china chinatalika ngati singano mpaka kukagunda m'mphepete. Timabokosi tobiriwira tinamera pachikhatho.

"Bambo ake, mkazi wanu wachiwiriyu walumidwa ndi chiyani?" anafunsa akazi awo akuika kapu patebulo. "Dzanja lonse latupa."

A Penti sanaseke. Anaganiza kuti alakwitsa okha penapake, ndipo kwa masiku anayi anakhalira kuwongola zala, kufupikitsa zotalika, kukoka zobisala, n'kumasunga ntchitoyo. Akakonza chizindikiro chimodzi, china chinkapindika. Anasintha chingwe cha sikirini, osathandiza. Anabwereka sikirini ya alamu awo, koma timabokosi tija tinasamukira komweko. Anazima n'kuyatsa kompyuta kambirimbiri mpaka batani linayamba kulowa m'kati.

Pamapeto pake anaikulunga m'bulangete n'kupita nayo kwa wokonza makompyuta wina, amene anthu ankamutcha Waya. Iye anamasula chivundikiro n'kuzula kachitsulo kokhala ndi fani.

"Achikulire, ili ndi khadi la zithunzi. Zonse zimene mumaona pasikirini zimadzera muno. Taonani fumbili, mbewa ikhoza kuswera ana."

Analiuzira mphepo, analipaka mankhwala oziziritsa, analibwezera. Zala zinali zopindikabe. Anaika dalaiva watsopano, kapulogalamu kothandiza khadi kumvana ndi kompyuta, sikirini inangoti bii. Atabwezera wakale, chithunzi chinabwerera pamodzi ndi matenda ake.

"Lapsa m'kati," anatero Waya akupukuta manja. "Lolowa mu nkhalamba yanuyi mulibe m'masitolo muno. Tikaitanitsa, ndi mwezi."

"Mwezi ndilibe, mwanawe."

"Tiyeni titsegule ntchitoyo pakompyuta yanga, mwina tingaimalizire pano."

Pasikirini ya Waya chithunzi chinatuluka choyera, chopanda kabokosi ngakhale kamodzi. A Penti anapuma. Koma mayi wachikasu atakweza manja, zala zake zinali zokhota ngati mizu, china chachifupi ngati chodulidwa, chala chachikulu chitalowa m'chikhatho. Waya anayang'anitsitsa, kenako anakanda m'mutu.

"Izi si za khadi ayi. Kodi munakhudza zalazi?"

"Ndinkazikonza."

"Zinali bwinobwino, achikulire. Khadi ndi limene linkakunamizani. Inu mumathyola zala zabwino kuti zioneke zowongoka pasikirini yodwala. Muli ndi kope lina la ntchitoyi?"

"Kope lanji?"

Waya anangowakokera mpando. Anawerenga pamodzi: zizindikiro makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinali zowonongeka, zotsala khumi ndi zinayi. Waya anawalola kugwiritsa ntchito kompyuta yake ola limodzi masana aliwonse, iye akapita kukadya. Koma chizindikiro chimodzi chinkawatengera masiku, ndipo popanda mwana wawo pampando sankadziwa kuti chala chilichonse chinali pati poyamba.

Loweruka anayenera kumuuza. Manja awo analibe mawu a khadi, dalaiva kapena kope, choncho anangopita naye kwa Waya n'kumulozera sikirini. Mwanayo anayamba waseka, chifukwa chizindikiro cha "ndili ndi njala" chinali chitasanduka chinthu chosayenera kuonetsa ana. Atafika pachachisanu anasiya kuseka. Anafunsa ndi manja kuti zatsala zingati. A Penti anamuonetsa zala khumi, kenako zinayi. Iye anagwedeza mutu, n'kuwagwira paphewa. Iwo akanakonda akanawakalipira.

Tsiku la makolo holo inadzaza. Katuniyo, ya zizindikiro khumi ndi zinayi zokha, inatha m'mphindi zinayi, anthu akukhazikabe makanda pamiyendo. Anaomba m'manja mokayika, akudikira zina. Mwana wa a Penti anakwera patebulo n'kupanga yekha zizindikiro zotsalazo, koma a kumbuyo sankaona zala zake, ndipo ena anayamba kutuluka. Mayi wina anafunsa a Penti pakhomo ngati zonsezo zibwerenso pafoni, poti iye mutu wake sugwira zinthu kamodzi.

"Zibwera, mayi," anatero, osamuyang'ana.

Khadi latsopano limene anaitanitsa linafika patatha miyezi iwiri, osati umodzi. Waya ataliika, kompyuta inayaka n'kuzima nthawi yomweyo. Anayesanso katatu.

"Likufuna magetsi ambiri kuposa amene bokosi lanu la mphamvu limapereka. Tiitanitsenso bokosilo."

"Mwezi winanso?"

"Mwina iwiri. La mtundu umenewu anasiya kupanga."

A Penti anabwezera khadilo m'katoni yake n'kupita nalo kunyumba. Akazi awo analiika pamwamba pa kabati, kumene adzukulu sangafikire.