Bawuti ya pikapu ya batala

Ntchito ya ku galaja ndinaipeza ndikukankha minibasi yakufa ku Chibavi. A Mhango, makaniko wa komweko, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Msana ulipo. Za mutu tiona m'tsogolo." M'mawa mwake ndinayamba. Galajayo inali mtengo wa mapeyala, jeke imodzi, ndi masipanala akale kuposa mzinda wa Mzuzu. Sindikunama.

Tsiku limene mapewa anga sanaliiwale, kunabwera pikapu ya amayi NyaChirwa, ogulitsa nsomba, ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Inali itadzaza nsomba za batala za ku Nkhata Bay, zofunika kufika ku Kasungu ayisi asanasungunuke, ndipo galimoto ina sinapezeke. A Mhango anasuzumira pansi n'kupeza kuti kontirolo amu, chitsulo chogwira tayala ku thupi la galimoto, yapindika. Anati tisinthe mbali zonse ziwiri.

"Ndi kanthawi chabe, amama," anatero.

Nati inatuluka mwaulemu. Bawuti ya kontirolo amuyo ndiyo inakana. Matope a kunyanja ndi mvula ya Mzuzu zinali zitaikwatitsa ndi kachitsulo ka m'kati mwa bushi, mphira uja bawuti imadutsamo, ukwati wa ku tchalitchi wosasudzulana. Tinathira mafuta a buleki n'kudikira. Ndinamenya ndi hamala mpaka agalu a ku Chibanja anayankha. Tinalowetsa paipi ku sipanala, ine n'kulendewera miyendo m'malere. Imene inapindika ndi sipanala. Tinaitana wa gasi kuti atenthe chitsulo, mphira wa bushi n'kuyaka, utsi kuti tolo.

"Adada, ndati mukonze galimoto, sindinati muwambe nsomba zanga!" anakuwa amayiwo.

Sanaseke. Anali atakhala pa tayala lakutha, akuyang'ana madzi a ayisi akudontha pansi.

A Mhango anandipatsa mpeni wa sowo wopanda chogwirira, poti chogwiriracho sichikanalowa pampatapo. Ndinaukulunga nsanza, n'kugona chagada m'matope a madzi a nsomba, n'kuyamba kucheka bawutiyo. Ndinalowa pansipo wopanda ndevu, ndinatuluka nazo. Funsani aliyense.

Paja galimoto ikakhala pa jeke, munthu aliyense wodutsa ndi makaniko. Anthu anadzaza. Wina ati thirani palafini, wina ati mchere, wina ati tiyambe tapemphera. Amayi NyaChirwa anaimirira, n'kumanga chitenje, n'kukwera pa tayala lija.

"Wofuna kupereka nzeru ayambe wagula batala. Nzeru zaulere takhuta nazo."

Anthu a ku Chibavi kukhala chete sangathe. Anagula. Mphunzitsi wina anagula kawiri, poti anali ndi maganizo awiri. Amayiwo anatsitsa mtengo mpaka nkhope inagwa, koma nsomba imodzi yomwe sinawole. Pamene bawuti inkaduka, pikapu inali mbee, manja anga osatha kugwira ndi kapu yomwe.

"Yewo chomene, mwana wanga," anatero amayiwo. "Tsopano musafulumire, ndilibe kopita."

A Mhango anandibwezera mpeni wa sowo. Mbali inayo inali isanakhudzidwe.

Kuchokera tsiku limenelo, bawuti iliyonse imene ndikumanga ndimayamba ndaipaka girisi, ngakhale mwini galimoto akhale akulira kuti wachedwa. Amaganiza kuti ndi ukatswiri. Ayi ndithu, ndi mantha. Mzuzu ndi wochepa, ndipo wodzaimasula bawutiyo ndine ndemwe.