Galu Wodyera m'Chipewa cha Atate

Fungo la mapapo a ng'ombe akuwira likandipeza, ndimaona ambuya anga, mayi a atate, atakhala pakhomo pathu ku Wusakile, akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, utsi wa makala ukuwatulutsa misozi, fumbi la pamgodi likutera pa zovala zoyanika. Zimene ankaphikazo sizinali zathu. Linali phala la gaga lothiramo mapapo, la Sajeni, galu wa atate, ndipo ankalitakasa mosamala ngati akuyembekezera wansembe.

Atate sankalifuna phalalo. Ufulu utabwera anakwezedwa kukhala kapitawo pansi pa mgodi, ndipo sitolo ya m'tauni imene kale ankagulira pawindo anayamba kuilowera pakhomo. Chinthu choyamba chimene anagula atalowamo chinali thumba la mabisiketi a agalu, aja ankagula azungu okha. Huta yoweruka, lipenga lija la pamgodi, ikalira, Sajeni ankakawachingamira pamsewu, iwo akafika n'kuthira mabisiketiwo m'chipewa chawo chakale cha pamgodi, n'kumachigwedeza, gobedegobede.

"Iwe Lazaro, galu wa munthu angadye miyala?" ambuya ankatero kwa atate. "Kapena ufuna ayambe kuuwa m'Chizungu?"

"Amama, izi zili na mavitamini. Phala lanu lizamutupitsa chabe mimba."

Sajeni analibe manyazi, ankadya konsekonse, m'mawa kwa ambuya, madzulo kwa atate. Ine ndinali mbali ya ambuya, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa ndinkabamo mapapo iwo akatembenuka.

Tsiku lina huta inalira nthawi yosakhala yake. Mwala unagumuka pansi, ndipo atate anatulukamo atanyamulidwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Maliro atatha, Sajeni anasiya kudya. Ankagona pafupi ndi msewu mutu uli pa miyendo, ntchentche zikuchita naye zimene zikufuna. Ambuya anaphika mapapo, iye sanawanunkhize n'komwe. Anagula chiwindi, chinauma m'mbale. Pofika tsiku lachisanu nthiti zake zinkawerengeka, ndipo ine ndinkaopa kumuyang'ana.

"Musiyeni, amama," anatero Bana Mwape, mayi wa nyumba yoyandikana nafe. "Galu amatsata mbuye wake."

"Mmodzi ndaika kale," ambuya anayankha. "Uyu sindimuika."

Mawa lake huta yoweruka itayamba kulira, anandiitana. "Esitere, tenga chipewa cha atate ako. Na thumba lija."

Thumbalo anali atalikankhira okha kunsi kwa bedi, kuti asamalione. Anatapa mabisiketi, n'kuwathira m'chipewa, n'kuchigwedeza monga ankachitira mwana wawo. Sajeni anadzutsa makutu. Anaimirira modzandira, koma sanabwere kwa ife. Anathamangira pamsewu, n'kumasuzumira nkhope za anthu oweruka, mmodzimmodzi, mpaka womaliza anadutsa. Apo m'pamene anabwerera pang'onopang'ono, n'kuika mphuno m'chipewamo, ndipo tinamva mano ake akuphwanya.

"Wandiwina, Lazaro," ambuya anatero, akuyang'ana pansi. Misozi inkagwera pa chitenje chawo, ndipo mbaula inali yosayatsa.

Mapapo sanawaphikenso. Mwezi ukatha ankayenda wapansi kupita m'tauni, n'kulowa pakhomo la sitolo ija atadzutsa mutu, kukagula miyala imene ankainyoza. Nyumba ya pamgodi titachokamo tinasamukira ku Chimwemwe, ndipo chipewacho ananyamula okha pamiyendo, osalola kuti chilowe m'mtolo. Kumeneko huta sinkamveka bwino, koma iwo nthawi yake ankaidziwa, ndipo sanaphonyepo mpaka Sajeni anafa ndi ukalamba.

Chipewacho chili kwanga lero, pamwamba pa kabati. Adzukulu anga amakangana za chakudya choyenera galu wawo, chophika kapena cha m'thumba, ndipo akandifunsa ndimangoti mupatseni zonse, mudakali pamodzi. Amaseka, amati ambuya awo akalamba. Sadziwa kuti akagwedeza mbale yawo madzulo, ine ndimayang'ana pamsewu.