Matumba Otembenuza

Ndinasiya sukulu ndili fomu 2. Chifukwa chake ndi chomwecho cha aliyense kwathu, sinditaya nacho nthawi. Chimene ndinachokako nacho ndi kuwerenga, ndipo kuwerengako ndiko kunandidanitsa ndi bambo anga.

Abambo ankalima fodya pa kontirakiti ndi kampani ina imene inali ndi depoti pa Malomo. Kampaniyo inkapereka fetereza kudzera ku kalabu ya alimi, n'kudzadula mtengo wake pogulitsa fodya. Matumba akafika padepoti, kalaliki ankalemba dzina la kalabu pa thumba lililonse ndi inki yakuda yosafufutika, kuti asasokonezeke.

Chaka china phungu wa dera lathu anamwalira, ndiye kunali chisankho chapadera mvula itayamba kale. Fodya tinawokera bwinobwino, koma fetereza wachiwiri sanabwere. Alangizi a kampani, bambo woyenda pa njinga yamoto, ankangoti magalimoto achedwa kumalire. Masamba anayamba chikasu. Abambo ankapita kumunda m'mawa uliwonse kukangoyang'ana, ngati kuti fodya amakula ndi maso.

Sabata ina mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti kudepoti kuli ganyu ya akazi. Ndinapita. Anatilowetsa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, ndipo fetereza wochedwa kumalire uja ndinamupeza ali phee, mulu wofika kudenga. Ntchito yathu inali kukhuthula thumba, kulidula pakati, kulitembenuza, kusoka, n'kuthiramonso fetereza. Thumba limodzi linkabala awiri, oyera, opanda dzina. Kapitawo atandiona ndikuyang'anitsitsa zilembo anati, “Zolembazo zikhale mkati, chemwali. Wofuna kuwerenga abwerere kusukulu.” Anzanga anaseka. Ine ndinali nditawerenga kale. Tsiku lachiwiri ndinatembenuza ndi manja angawa matumba olembedwa dzina la kalabu ya abambo.

Loweruka lake kunali msonkhano pabwalo la sukulu. Woimira chipani china anafika ndi lole, n'kunena kuti waona kuvutika kwathu ndipo wagula fetereza ndi ndalama zake. Alangizi aja anakhala kumbuyo kwenikweni, atavula malaya a kampani. Azimayi anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Abambo, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anavula chipewa n'kuwomba m'manja polandira theka la thumba lawo lomwe.

Titafika kunyumba ndinakhuthulira feterezayo m'beseni, n'kutembenuza thumba pamaso pawo. Msoko unali wanga. Abambo anayang'ana zilembozo nthawi yaitali, kenaka anandiuza kuti ndilibwezere momwe linalili, ndipo ndisauze munthu. Ndinati akuwabera masana. Iwo anati akudziwa.

“Nanga fodya ndidzagulitsa kwa iwe?” anandifunsa.

Sindinawamvere. Kalabu itakumana pansi pa chigafa cha wapampando, ndinapita ndi thumba lija m'chitenje. Alangizi atamaliza kufotokoza za magalimoto awo a kumalire, ndinaimirira n'kulitambasula. Ndinafunsa kuti ndani analamula kuti fetereza wa alimi apite ku kampeni, ndi matumba angati anapita, ndiponso ngati adzadulidwabe pa fodya wa makolo athu. Amuna amene anandibereka kumbuyo ndili mwana anayang'ana zala zakumiyendo.

Alangizi sanakwiye. Anamwetulira n'kunena kuti kampani silowerera ndale, imangothandiza chitukuko, ndipo matumba akale amapezeka pamsika uliwonse. Ndinati ngati ndi chitukuko, bwanji dzina analibisa mkati? Alangizi anangofunsa wapampando kuti mtsikanayu ndi mwana wa ndani, n'kulemba m'kabuku kake. Wapampando anandiuza kuti ndituluke chifukwa sindine membala.

Fetereza wina anabwera chisankho chitatha, fodya atapinimbira kale. Pogulitsa fodya kampani inadula zonse, ngati kuti zinafika pa nthawi yake. Munthu wa lole uja anapambana, ndipo msewu woyamba kukonzedwa unali wopita kudepoti. Unathera pageti penipeni. Msewu wopita kuchipatala mpaka lero umadula mawilo a njinga.

Chaka chotsatira dzina la abambo silinatuluke pa mndandanda wa kontirakiti. Anawauza kuti fodya wawo sanali wabwino. Wa kalabu yonse sanali wabwino, koma anachotsedwa ndi iwo okha. Anapita kudepoti katatu atavala jekete la kutchalitchi, katatu konse mlonda anawabweza pageti. Tsopano amalima soya n'kugulitsa kwa mavenda a sikelo zokhota pa Kasakula.

Sanatukwanepo kampani, ngakhale phungu. Amati ndine ndinawachotsetsa, ndipo akafuna madzi osamba amatuma mng'ono wanga ngakhale ine ndili pompo. Mwina akunena zoona. Koma mafunso anga atatu aja palibe anawayankha, ndipo amene anagawa fetereza wa eni ake akuyendabe pa galimoto.

Thumba lija lilipo. Amayi amanyamuliramo chimanga popita kuchigayo, ndipo nthawi zonse amalitembenuza kuti zilembo zikhale mkati. Likakhala tsiku langa lopita, ndimazitulutsa kunja.